Wotchi ndi Kalendala za M'thupi la Nyama: Phunziro kwa Alangizi a Ziweto

Mawu oyamba

Tambala amalira kusanache. Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti chimene chimamudzutsa ndi kuwala kwa m'bandakucha. M'chaka cha 2013 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Nagoya ku Japan, Tsuyoshi Shimmura ndi Takashi Yoshimura, adasunga atambala m'chipinda chowala pang'ono mofanana usana ndi usiku, mopanda chizindikiro chilichonse cha kutuluka kwa dzuwa. Atambalawo adapitiriza kulira pa nthawi yawo, pakapita maola ochepera pang'ono 24. Chimene chinkawauza kuti kwatsala pang'ono kucha chidali m'thupi mwawo momwemo.

Nyama zili ndi wotchi yowerenga maola a tsiku, ndipo zambiri zilinso ndi kalendala yowerenga miyezi ya chaka. Ophunzira za ziweto m'mayunivesite amakumana ndi nkhaniyi pophunzira kagwiridwe ntchito ka thupi la nyama, koma mlangizi amakumana nayo kumudzi tsiku ndi tsiku: pamene mbuzi zochokera kunja zikukana tonde, pamene nkhuku zachepetsa mazira m'mwezi wa Juni, kapena pamene chigodola chabuka mvula itangokhazikika. Phunziro lino likufotokoza mmene wotchi ndi kalendalazi zimagwirira ntchito, ndiponso chifukwa chake malangizo okhudza nthawi, amene ali oona ku Pretoria, akhoza kusocheretsa mlimi wa ku Karonga kapena ku Morogoro. Mlangizi amene walandira kalendala ya ntchito kuchokera kudziko lina ayenera kuyamba wafunsa kuti nyama za kumeneko zimatsata chizindikiro chanji, ndipo ngati chizindikirocho chilipo ndi mphamvu yofanana kudera kwake.

1. Zinthu zitatu zoyenera kusiyanitsa

Nyama ikamachita chinthu pa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse kapena chaka chilichonse, pamakhala zinthu zitatu zimene zikhoza kuchititsa.

Choyamba ndi wotchi ya m'thupi. Imeneyi imayenda yokha ngakhale nyama itachotsedwa pamalo pamene pali usana ndi usiku. Siyenda maola 24 enieni: mwa nyama zina imafulumira pang'ono, mwa zina imachedwa. N'chifukwa chake m'chaka cha 1959 Franz Halberg adaitcha circadian, kuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza "pafupifupi tsiku limodzi".

Chachiwiri ndi chizindikiro chokonza wotchiyo. Wotchi yofulumira kapena yochedwa imafunika kuitchera tsiku lililonse, ndipo chimene chimaitchera koposa zonse ndi kuwala kwa m'mawa ndi madzulo. Nthawi ya chakudya, kutentha ndiponso kukhala pamodzi ndi nyama zina zimathandizanso. Katswiri wa ku Germany, Jürgen Aschoff, adatcha zizindikiro zotere Zeitgeber, kutanthauza "chopereka nthawi".

Chachitatu ndi chokakamiza cha pomwepo. Ng'ombe imathawira pamthunzi masana a mu Okutobala chifukwa dzuwa likuiwotcha, ndipo tsiku la mitambo imapitiriza kudya. Mbuzi yomangidwa pachingwe nyengo yonse ya dzinja siingakumane ndi tonde ngakhale thupi lake lili lokonzeka. Pa zitsanzo ziwirizi wotchi ilibe mlandu. Nyengo kapena mwini ziweto ndiye waika nthawi.

Kusiyanitsa zitatuzi n'kofunika chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Vuto lochokera ku kuwala silitha ndi chakudya chowonjezera, ndipo vuto lochokera ku njala silitha ndi nyali.

2. Wotchi ya tsiku

Umboni woyamba wolembedwa udachokera ku chomera. M'chaka cha 1729 Jean-Jacques d'Ortous de Mairan wa ku France adaika chomera cha Mimosa mumdima, ndipo masamba ake adapitiriza kutseguka usana ndi kufota usiku. Padapita zaka zoposa 200 kuti anthu adziwe pamene wotchi yotere imakhala mwa nyama.

M'chaka cha 1971 Ronald Konopka ndi Seymour Benzer a ku California adapeza ntchentche zazing'ono za pazipatso, zotchedwa Drosophila, zimene wotchi yake idali yolakwika. Zina tsiku lawo linkatha pa maola 19, zina pa maola 28, ndipo zina zidalibiretu nthawi. Zolakwika zonse zitatu zidali pa jini limodzi, limene adalitcha period. Pambuyo pake Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young adalongosola mmene jinili limawerengera nthawi, ndipo adalandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2017. Mwachidule, jinili limalamula selo kupanga mapuloteni otchedwa PER. Mapuloteniwo amachuluka pang'onopang'ono usiku, ndipo akachuluka amalowa m'phata la selo n'kutseka jini lomwe lidawapanga. Kenaka amaphwanyika, jini limatsegukanso, ndipo ntchito imayambiranso. Ulendo umodzi wotere umatenga pafupifupi maola 24. Majini a mtundu womwewo amapezeka mwa ng'ombe, nkhuku, nsomba ndi anthu.

Pafupifupi chiwalo chilichonse chili ndi wotchi yakeyake, koma mwa nyama zoyamwitsa muli wotchi yaikulu yotsogolera zonse. Imeneyi ndi kagulu ka maselo a ubongo kotchedwa suprachiasmatic nucleus, kapena SCN mwachidule, kamene kali pamwamba pa malo amene mitsempha ya maso awiri imapingasana. M'chaka cha 1972 magulu awiri a ofufuza ku America adasonyeza kuti khoswe akawonongedwa kagulu kameneka amataya nthawi yake ya kumwa, kuthamanga ndi kutulutsa mahomoni. M'chaka cha 1990 Martin Ralph, Michael Menaker ndi anzawo adachotsa kaguluka mwa nyama yaing'ono yotchedwa hamster, imene tsiku lake linali la maola 20, n'kukaika mwa inzake. Yolandirayo idayamba kutsata tsiku la maola 20. Kuwala kumafika ku SCN kudzera m'maselo apadera a m'diso, amene ntchito yake yoyeza kuwala idadziwika bwino m'chaka cha 2002.

Kwa woweta, tanthauzo lake ndi lakuti thupi la chiweto m'mawa ndi losiyana ndi thupi lomwelo madzulo. Kutentha kwa thupi kumatsika m'bandakucha ndi kukwera chakumadzulo. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zimadya msipu kwambiri dzuwa likamatuluka ndiponso likamapendeka, ndipo zimabzikula kwambiri usiku ndi pakati pa usana.

3. Kalendala ya chaka

Nyama yobereka iyenera kukonzeka kudakali miyezi ingapo chakudya chisanachuluke. Nkhosa imakhala ndi bere pafupifupi miyezi isanu, ndipo kavalo miyezi 11. Kuti mwana abadwe msipu utaphuka, mayi ayenera kutenga bere pa nthawi imene msipuwo sunaoneke n'komwe. Pamafunika chizindikiro chodalirika cholosera za m'tsogolo, ndipo m'maiko akutali ndi Ikweta palibe chodalirika kuposa kutalika kwa usana. Mvula ndi kuzizira zimasintha chaka ndi chaka, koma kutalika kwa usana pa tsiku lakutilakuti n'kofanana zaka zonse.

William Rowan ndiye adatsimikiza zimenezi mwa nyama. M'chaka cha 1925, ku Edmonton m'dziko la Canada, adalengeza kuti timbalame totchedwa junco, timene adatisunga panja m'chisanu choopsa n'kumatiwonjezera kuwala kwa magetsi madzulo, tidakula ziwalo zoberekera ngati kuti nyengo yoswana yafika.

Mwa nyama zoyamwitsa uthenga wa kutalika kwa usana umayenda motere. Diso limauza SCN, ndipo SCN imalamula kachiwalo kakang'ono ka mu ubongo kotchedwa pineal. Kachiwaloka kamatulutsa homoni yotchedwa melatonin usiku wokha. Homoniyi adaipeza Aaron Lerner ndi anzake m'chaka cha 1958, ataifinya kuchokera m'tiziwalo ta pineal ta ng'ombe. Usiku ukatalika, melatonin imakhala m'magazi maola ambiri. Usiku ukafupika, maola ochepa. Thupi limawerenga maola amenewa n'kudziwa mwezi umene lili. Nkhosa ndi mbuzi za kumaiko ozizira zimayamba kufuna mphongo usana ukamafupika, pamene kavalo amayamba usana ukamatalika. Uthenga ndi umodzi, koma mtundu uliwonse umaumasulira molingana ndi kutalika kwa bere lake.

Mbalame zili ndi njira yakeyake. Kuwala kumadutsa m'chigaza n'kufika pa maselo omva kuwala amene ali mkati mwa ubongo, kotero mbalame ikhoza kuzindikira kuti usana watalika popanda kudalira maso.

Kalendala nayonso imatha kuyenda yokha. Eberhard Gwinner ndi John Dittami adatenga timbalame totchedwa stonechat ta ku Kenya, dziko limene kutalika kwa usana sikusintha kwenikweni, n'kutisunga ku Germany m'zipinda za kuwala ndi kutentha kosasintha. M'chaka cha 1990 adalengeza kuti timbalameto tinkapitiriza kukonzekera kuswana ndi kusintha nthenga chaka ndi chaka, ngakhale kuti chaka chake sichinkakwana miyezi 12 yeniyeni. Izi zikusonyeza kuti ngakhale pafupi ndi Ikweta nyama ikhoza kukhala ndi kalendala ya m'thupi, yongofuna chizindikiro china choitchera.

4. Kutalika kwa usana m'chigawo chino

Kummwera kwa Ikweta usana wautali koposa umakhala cha pa 21 Disembala, ndipo waufupi koposa cha pa 21 Juni. Kusiyana kwa masiku awiriwa kumakula munthu akamapita kummwera. Ku Dar es Salaam, pafupifupi madigiri 7 kummwera kwa Ikweta, kusiyanako sikukwana ola limodzi. Ku Lilongwe, pa madigiri 14, ndi pafupifupi ola limodzi ndi mphindi 40. Ku Lusaka ndi ku Tete kumayandikira maola awiri, ndipo ku Harare kumapitirira pang'ono maola awiri. Ku Pretoria ndi ku Maputo kumaposa maola atatu, pamene ku Cape Town ndi pafupifupi maola anayi ndi theka. Poyerekeza, ku Edinburgh m'dziko la Scotland kusiyanako kumaposa maola khumi.

Chigawo chimodzi chomwechi, tsono, chili ndi madera amene kuwala ndi chizindikiro champhamvu ndi ena amene kuwala kumangonong'ona. Nswala ndi mboni yabwino. Ku Zimbabwe ndi ku South Africa zimakwerana kwa milungu yochepa cha m'mwezi wa Meyi, ndipo ana amabadwa pamodzi mu Novembala ndi Disembala, mvula itayamba. Ku East Africa, pafupi ndi Ikweta, nswala za mtundu womwewo zimabereka miyezi yambiri ya chaka. Kumene kuwala kuli kofooka, mvula, msipu ndi kutentha ndizo zimatenga utsogoleri.

5. Zitsanzo za m'khola ndi m'munda

Mbuzi ndi nkhosa. Mbuzi za makolo za ku Malawi, Zambia, Tanzania ndi Mozambique zimatha kutenga bere mwezi uliwonse ngati zili ndi thupi labwino ndipo tonde alipo. Ana akamabadwa ambiri miyezi ina, kawirikawiri chifukwa chake ndi chakudya kapena kawetedwe, monga kumanga mbuzi nyengo ya dzinja poteteza mbewu ndi kuzimasula anthu akakolola. Mbuzi za Boer za ku South Africa zimafuna tonde kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi, koma sizisiyiratu miyezi ina. Mbuzi za Angora, ndiponso za mkaka zochokera ku Ulaya monga Saanen ndi Alpine, zimatsata kalendala mwamphamvu. Philippe Chemineau ndi anzake ku France adasunga mbuzi za Alpine m'kuwala kofanizira kwa maiko otentha, ndipo m'chaka cha 1992 adalengeza kuti mbuzizo zidapitirizabe kukhala ndi miyezi yosafuna tonde. Kusamutsa chiweto sikufafaniza kalendala imene chidabadwa nayo. Chiweto chochokera kumpoto kwa Ikweta chimafunanso nthawi kuti chitembenuze kalendala yake ndi miyezi isanu ndi umodzi. Bungwe logawa mbuzi za mkaka likalonjeza alimi kuti zidzabereka mwezi uliwonse monga za makolo, mlimi amene watenga ngongole akhoza kudikira mkaka miyezi yambiri osauona. Nkhosa za Dorper, zimene adazipanga ku South Africa pokweretsa Dorset Horn ndi Blackhead Persian, zili ndi nyengo yaitali yoswana, ndipo pa chakudya chokwanira zimatha kubereka katatu m'zaka ziwiri.

Fungo la mphongo nalonso ndi chizindikiro. Zazikazi zikasiyanitsidwa ndi mphongo kwa mwezi umodzi kapena kuposerapo, kenaka mphongo n'kubwezedwa, zambiri zimafuna kukweredwa pa nthawi imodzi: mbuzi m'kati mwa milungu iwiri, nkhosa pakati pa masiku 17 ndi 25. Njirayi siifuna mankhwala, ndipo imathandiza kuti ana abadwe pa nyengo imene woweta wasankha.

Ng'ombe. Ng'ombe ilibe nyengo yoswana yotsekedwa ndi kuwala. Imafuna nkhunzi pakapita masiku 18 mpaka 24, kawirikawiri 21. Komabe m'midzi yambiri ana a ng'ombe amabadwa ochuluka kumapeto kwa chilimwe ndi kumayambiriro kwa dzinja. Chifukwa chake ndi msipu. M'chilimwe udzu umauma ndipo mapuloteni ake amatsika kufika pansi pa magawo 7 pa 100 alionse, mlingo umene ng'ombe imayamba kuonda. Yaikazi yoonda imaleka kufuna nkhunzi mpaka itabwezeretsa thupi mu Januwale, Febuluwale kapena Malichi, ndipo pakapita miyezi isanu ndi inayi mwana amabadwa. Mankhwala ake ndi chakudya chosungidwa: mapesi, masangwi a mtedza, madeya ndi masamba a mitengo yodyetsa ziweto.

Wotchi ya tsiku imakhudza ng'ombe m'njira zitatu zimene mlangizi ayenera kuzikumbukira. Yoyamba ndi msipu: ng'ombe zotsekulidwa m'khola dzuwa litakwera ndi kutsekeredwa lisanalowe zimataya maola amene zikadadya kwambiri, ndipo zimakakamizidwa kudya pa nthawi yotentha. Yachiwiri ndi kuzindikira yofuna nkhunzi: ng'ombe za malinunda zimaonetsa zizindikiro kwa maola ochepa, ndipo nthawi zambiri usiku kapena m'bandakucha. Woweta amene akudalira umuna wa jakisoni ayenera kuyang'ana ng'ombe zake m'mamawa ndi chisisira. Yooneka m'mawa ibayidwe madzulo, yooneka madzulo ibayidwe m'mawa mwake. Yachitatu ndi kuyeza kutentha kwa thupi. Ng'ombe yabwinobwino imakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39, koma madzulo a tsiku lotentha, makamaka itayenda mtunda, ikhoza kupitirira 39.5 isakudwala. Nthawi yabwino yoyeza ndi m'mamawa, ndipo ola loyezera liyenera kulembedwa pamodzi ndi nambala yopezekayo.

Nkhuku. Dzira limatenga maola 25 kapena 26 kuti lipangike, ndipo nthawi yambiri limakhala likuvala chigoba, makamaka usiku. Thupi la thadzi limalola kuyamba dzira latsopano pa maola ena okha a tsiku. N'chifukwa chake thadzi limaikira mochedwerapo tsiku ndi tsiku mpaka kufika masana, kenaka limadumpha tsiku limodzi n'kuyambiranso m'mawa. Pa chifukwa chomwecho chakudya cha laimu wolimbitsa chigoba chimathandiza kwambiri chikadyedwa madzulo. Nkhuku za mazira zimaikira bwino zikalandira kuwala kwa maola 14 mpaka 16 pa tsiku, ndipo palibe dera m'chigawo chino kumene dzuwa lokha limapereka maola 16. Malamulo ake ndi awiri: kuwala kusawonjezeke pamene misoti ikukula, kuopa kuti ingayambe kuikira thupi lisanakhwime, ndipo kuwala kusachepe nkhuku zikayamba kuikira. M'khola lopanda nyali mazira amachepa usana ukamafupika, kuyambira Januwale mpaka Juni, ndipo kuchepako kumaonekera kwambiri ku Maputo kuposa ku Dar es Salaam. Nyali ya sola yoyatsidwa pa ola limodzimodzi tsiku lililonse imathandiza, pamene yoyatsidwa lero n'kuiwalika mawa imasokoneza nkhuku.

Nkhupakupa. Nkhupakupa yofiirira ya m'makutu, Rhipicephalus appendiculatus, ndiyo imafalitsa kachirombo ka Theileria parva koyambitsa chigodola. Ku Zimbabwe zazikulu zake zimakhala zitakhwima kale m'chilimwe, koma zimagona pansi pa zinyalala osakwera ng'ombe mpaka usana utatalika ndipo mvula yafika. Zimadzuka pamodzi kuyambira Disembala mpaka cha mu Malichi, ndipo n'chifukwa chake matenda amene zimafalitsa kumeneko amatchedwa January disease. Kugona kumeneku kumateteza mazira ake kuti asaikiridwe pa nthaka youma. Pafupi ndi Ikweta, monga ku Kenya, nkhupakupa za mtundu womwewo sizigona motere, ndipo zazikulu zimapezeka pa ng'ombe miyezi yambiri. Chigawo cha kum'mawa kwa Zambia chili pakati: kuwonjezera pa za m'dzinja, zazikulu zimaonekanso kachiwiri mvula itatha. Ndondomeko yosambitsa ng'ombe kudibi yochokera ku Harare siingakopedwe monga ilili ku Chipata kapena ku Mbeya popanda kuwerenga nkhupakupa za pa ng'ombe za kumeneko mwezi ndi mwezi.

Kashembe. John Brady wa ku London adasonyeza m'zaka za m'ma 1970 kuti kashembe wa mtundu wa Glossina morsitans, wofalitsa nagana kwa ng'ombe ndi kaodzera kwa anthu, amatakataka m'mawa ndi madzulo ngakhale m'chipinda cha kutentha kosasintha. Kutchire kutentha kumapotoza ndondomekoyi. M'mawa wa Juni ndi Julayi kuzizira kumamugwira, ndipo amayamba kuuluka dzuwa litakwera. Kafukufuku wa pa siteshoni ya Rekomitjie, m'chigwa cha Zambezi ku Zimbabwe, adasonyeza kuti kutentha kukapitirira madigiri pafupifupi 32 kashembe amabisala m'mphako za mitengo ndi m'maenje. Alangizi awiri amene atchera misampha pa maola osiyana adzapeza ziwerengero zosiyana ngakhale akashembe ali ofanana kuchuluka.

Kapuchi ndi njuchi. Kapuchi wa chimanga, Busseola fusca, amagona m'mapesi ouma chilimwe chonse. Chimene chimamugoneka makamaka ndi kukhwima ndi kuuma kwa chomera chimene akudya, ndipo chinyezi cha mvula chimathandiza kumudzutsa. Apa kalendala ili m'phesi, ndipo kudyetsa mapesi ku ziweto kapena kuwagwetsa pansi kuti awombedwe ndi dzuwa kumachepetsa agulugufe a chaka chotsatira. Njuchi nazo zimakumbukira ola limene duwa limatulutsa timadzi. M'chaka cha 1955 Max Renner adaphunzitsa njuchi kudya pa ola lina m'chipinda chotseka ku Paris, n'kuziulutsa pa ndege kupita ku New York, ndipo kumeneko zidafika pa chakudya potsata nthawi ya ku Paris. Mlimi amene ayenera kupopera mankhwala mbewu zili ndi maluwa achite zimenezi chakumadzulo njuchi zitabwerera kumng'oma.

6. Mmene nkhaniyi imafufuzidwira

Wophunzira wa pa Bunda, pa University of Zambia, pa University of Zimbabwe, pa Sokoine ku Morogoro kapena ku Onderstepoort, akafuna kutsimikiza kuti khalidwe lina la nyama likuchokera ku wotchi ya m'thupi, amatsata njira zodziwika. Yoyamba ndi kuchotsa chizindikiro: nyama imasungidwa m'kuwala ndi kutentha kosasintha, ndipo khalidwelo likapitirira ndiye kuti gwero lake lili m'thupi. Yachiwiri ndi kusuntha chizindikiro: nyali imayatsidwa mochedwa ndi maola angapo, ndipo wotchi yeniyeni imatsatira pang'onopang'ono kwa masiku angapo, pamene chokakamiza cha pomwepo chimasintha tsiku lomwelo. Yachitatu ndi kusintha chinthu chimodzi chokha: magulu awiri a mbuzi amalandira chakudya chofanana koma kuwala kosiyana, kapena kuwala kofanana koma chakudya chosiyana.

Kayezedwe nako kali ndi malamulo. Chinthu chosintha pa tsiku sichingadziwike poyeza kamodzi pa tsiku. Pamafunika kuyeza pakapita maola awiri kapena anayi alionse, usiku womwe, kwa masiku angapo otsatizana. Magazi oyezera melatonin amatengedwa usiku pogwiritsa ntchito nyali yofiira yosawala kwambiri, chifukwa kuwala koyera kumaitsitsa msangamsanga. Pofuna kudziwa miyezi imene zazikazi zili zokonzeka kutenga bere, ofufuza amayeza homoni ya progesterone m'magazi kapena mumkaka kamodzi kapena kawiri pa mlungu. Chinthu chosintha pa chaka chimafuna zaka ziwiri kapena zitatu, popeza chaka chimodzi cha chilala chikhoza kunamiza wofufuza. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yunivesite ili ndi zipinda ndi zipangizo, koma ilibe maso m'midzi yonse kuyambira ku Tanzania mpaka ku Cape. Maso amenewo ndi a alangizi. Kaundula wa mlangizi amakhala wothandiza akalembedwamo zinthu izi: tsiku ndi ola, dzina la dera, mtundu wa chiweto ndi kumene chidachokera, tsiku limene mvula idayamba ndi kutha, mmene msipu ulili, ngati ziweto zili zomangidwa kapena zomasuka, ndiponso ngati mphongo imakhala nazo nthawi zonse. Kuchokera pa tsiku lobadwa mwana, mlangizi awerenge chobwerera m'mbuyo masiku 150 kwa mbuzi ndi nkhosa, kapena masiku pafupifupi 285 kwa ng'ombe, kuti apeze nthawi imene bere lidatengedwa. Kenaka afunse chimene chinkachitika mwezi umenewo. Ngati mwezi wotenga bere usuntha pamodzi ndi mvula chaka ndi chaka, mtsogoleri ndi chakudya. Ngati ukhala pomwepo ngakhale mvula ichedwe kapena ifulumire, kuwala kuyenera kuganiziridwa. Ngati ugwirizana ndi tsiku lomasula ziweto anthu atakolola, mtsogoleri ndi kawetedwe. Makaundula otere, olembedwa mofanana ku Mzimba, ku Petauke, ku Angónia ndi ku Masvingo, akaikidwa pamodzi amasonyeza pamene malangizo amodzi akuthera ndi pamene ena ayenera kuyambira.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa alangizi

1. Mlimi wa ku Dedza walandira mbuzi ziwiri za Saanen mu Sepitembala. Zili ndi thupi labwino, koma pofika Disembala sizinafune tonde. Kodi mlangizi afufuze zinthu ziti asananene kuti mbuzizo n'zosabereka?

2. Ng'ombe yayezedwa 3 koloko masana mu Okutobala itangochokera kudambo, ndipo yapezeka ndi madigiri 39.7. Ikudya bwino ndipo ilibe zotupa m'khosi. Kodi choyenera kuchita n'chiyani mankhwala asanagulidwe?

3. Makola awiri a nkhuku za mazira, lina ku Maputo lina ku Karonga, alibe nyali. Ndi khola liti limene mazira adzachepe kwambiri pofika Juni, ndipo chifukwa chake n'chiyani?

4. Kaundula wa zaka zitatu akusonyeza kuti mbuzi za m'mudzi wina zimabereka kwambiri mu Okutobala ndi Novembala. Bere lidatengedwa miyezi iti, ndipo ndi zinthu ziti mwa zitatu za m'gawo loyamba zimene zingafotokoze zimenezi?

5. Mlangizi aliyense abweretse ndondomeko yosambitsira ng'ombe ya kudera kwake, ndipo gulu liyerekeze ndondomekozo ndi miyezi imene nkhupakupa zazikulu zimaonekadi m'makutu a ng'ombe kumeneko.